Mutu 18: Mpunga wa ku Chikweo ndi Ndiwo ya Nkhukundembo

Chikweo ndi dera la Mfumu Yaikulu Chikweo m'boma la Machinga. Derali lili chakum'mawa kwa bomali, kufupi ndi nyanja ya Chiuta imene ili m'malire a dziko la Malaŵi ndi Mozambique. Kumwera kwa nyanja ya Chiuta kuli nyanja ina yokulirapo yotchedwa Chilwa. Pakati pa nyanja ziwirizi pali mtunda wamchenga pamene padadutsa njanji yopita ku Nayuchi, imene idatsegulidwa m'chaka cha 1970. Anthu ambiri a ku Chikweo ndi Ayao, ndipo ntchito zawo zazikulu ndi ulimi ndi usodzi.

M'mbali mwa nyanja ziwirizi muli madambo aakulu amene amadzaza madzi m'nyengo ya dzinja. M'madambo otere chimanga sichichita bwino, koma mpunga umakondwamo. Komabe madziwo sakhala ochuluka chaka chilichonse. Nyanja ya Chilwa, imene ilibe mtsinje wotulukamo, idaphwa m'chaka cha 1968 ndi cha 1995, ndipo mbali yake yaikulu idaphwanso mu 2018. Mvula ikavuta chonchi, mpunga umauma usanabereke. N'chifukwa chake mlimi wa ku Chikweo salola kuti ngakhale dzanja limodzi la mpunga litayike.

Mpunga

Mpunga umene umalimidwa m'Malaŵi udachokera ku Asia. Udayamba wafika kugombe la kum'mawa kwa Africa, ndipo amalonda a Chiswahili ndi a Chiyao adathandiza kuufalitsa kuno m'zaka za m'ma 1800. Mpaka lero Aswahili nawonso amautcha mpunga ukakhala m'munda. Mitundu yake yodziwika bwino ndi Faya ndi Kilombero. Kilombero amanunkhira kwambiri akamapsa, ndipo dzina lakelo ndi la chigwa china cha ku Tanzania.

Ulimi wa mpunga ndi wofuna khama. Alimi ambiri amayamba afesa mbewu panazale. Mbande zikakula amakaziwokera m'munda wamatope. Pambuyo pake amapalira, ndipo ngala zikatuluka amakhalira kupirikitsa mbalame. Mpunga ukacha amaumweta, kuupuntha, kuupeta ndi kuuyanika. Potsiriza amausinja mumtondo kapena kupita nawo kuchigayo kuti mankhusu achoke.

Nkhukundembo ndi tsabola

Nkhukundembo ndi mbalame yoweta yaikulu kuposa nkhuku ndi nkhanga. Yaimuna ikamadzitukumula imatambasula mchira wake ngati lichero. Mbalameyi idayamba kuwetedwa ku Mexico, ndipo anthu a ku Spain adapita nayo ku Ulaya m'zaka za m'ma 1500. Mazira ake amaswa pakatha masiku 28, pamene a nkhuku amaswa pakatha masiku 21. Anapiye ake safuna chisanu kapena kunyowa, choncho woweta ayenera kuwasamala kwambiri. Popeza nkhukundembo ili ndi mnofu wambiri, banja likazinga imodzi limatha kugawirako anansi.

Tsabola nayenso adachokera ku America, ndipo amalinyero a Chipwitikizi adathandiza kumufalitsa mu Africa. Ku Malaŵi kuli tsabola wotchuka wotchedwa kambuzi, amene amawawa komanso kununkhira.

Mlendo wofika madzulo

Tsiku lina m'mwezi wa Meyi, anthu atangokolola mpunga, pakhomo pena ku Chikweo padamveka odi. Dzuwa linali litapendeka. Wofikayo anali mlongo wawo wa mayi a pakhomopo, amene adachokera ku Balaka. Sadatumize mawu, pakuti chakudza sichiyimba ng'oma.

"Takulandirani, achimwene," adatero mayiwo uku akuyala mkeka. "Mwayenda bwanji?"

"Ndayenda bwino, achemwali, koma sindikhalitsa. Mawa m'bandakucha ndipitirira ulendo wanga."

Mayi aja adalowa m'khitchini ali ndi nkhawa. Nkhuni zinali zitatsala zochepa. Ndiwo imene inalipo inali mnofu wa pachidali cha nkhukundembo, wolemera ngati theka la kilogalamu, umene anansi adawagawira masana omwewo atazinga mbalameyo. Anthu oti adye anali asanu ndi mmodzi.

Mwana wawo wamkazi, amene anali mu Sitandade 5, adayang'ana nyamayo nati, "Amayi, kanyama aka katikwana? Tikadula nthuli zingotuluka zitatu, ndipo zisanafewe nkhuni zikhala zitatha."

"Waganiza bwino, mwana wanga," adayankha mayiwo. "Lero sitidula nthuli. Itana mlongo wako, nonse musambe m'manja ndi sopo. Amalume anu sagona ndi njala."

Kuphika mpunga

Mayi adayeza makapu atatu a mpunga nathira m'lichero. Mtsikana uja adaupeta, natola timiyala ndi mankhusu otsalira, kenaka adautsuka. Mnyamata adakoleza moto pambaula yadothi ya chitetezo, imene imadya nkhuni zochepa kusiyana ndi mafuwa. Adatereka poto wa madzi okwana makapu asanu ndi limodzi.

"Musaiwale muyeso umenewu," adatero mayi. "Kapu imodzi ya mpunga imafuna makapu awiri a madzi."

Madzi atawira adathiramo mchere pang'ono ndi mpunga uja, navundikira. Madzi atayamba kuphwera, mayi adaphula potoyo namukhazika pamakala pambali. Makala ena adawaika pamwamba pa chivundikiro kuti mpunga upse mofanana pansi ndi pamwamba. Adachenjeza ana kuti asavundukule kawirikawiri, chifukwa nthunzi ndiyo imamaliza kufewetsa mpunga. Ntchito yonseyi imatenga mphindi ngati 20.

Kukonza ndiwo

Mpunga uli pamoto, mayi adatenga mpeni wakuthwa nadula nyama ija tizidutswa ting'onoting'ono. Atatero adaiika m'kamtondo koyera naisinja pang'ono mpaka idanyenyeka. M'matauni ntchito yotereyi imagwiridwa ndi makina ogayira nyama. Atamaliza adatsuka mpeni, thabwa, kamtondo ndi manja awo ndi sopo asanakhudze china chilichonse.

Ana aja adadula anyezi awiri ndi matimati atatu. Adasinjanso adyo pang'ono pamodzi ndi kachidutswa ka jinja. Mnyamata adathamangira kuseri kwa nyumba nabwera ndi kambuzi wodzaza dzanja.

"Iwe, ukufuna amalume ako alire?" adaseka mayi. "Mmodzi yekha akwana. Umung'ambe, uchotse njere ndi timinofu toyera ta m'kati, pakuti ukali wambiri umakhala m'menemo. Ukatero usagwire m'maso usanasambe."

Tsono mayi adatereka chiwaya nathiramo masupuni atatu a mafuta ophikira. Adakazinga anyezi mpaka adafewa, nawonjezera adyo ndi jinja. Kenaka adathira nyama ija ndi mchere, namatakasa ndi mthiko kuti isagwirane. Nyama itasintha mtundu yonse, adathira matimati, tsabola ndi theka la kapu ya madzi. Msuzi utayamba kulimba adaonjeza masupuni awiri a uchi, ndipo potsiriza adafinyiramo ndimu.

Mtsikana adadabwa. "Amayi, uchi m'ndiwo?"

"Talawa," adatero mayi. "Uchi umaziziritsa ukali wa tsabola, ndipo ndimu amaletsa kuti ndiwo isatsekemere ngati phala. Uchi ukasowa, supuni imodzi ya shuga imagwira ntchito yomweyo."

Mayi adang'amba kachidutswa kamodzi ka nyama kuti aone m'kati mwake. Munalibe kufiira kulikonse, choncho adadziwa kuti yapsa. Ataphula ndiwoyo, adaphika mpiru kwa mphindi zochepa pamoto wotsalawo.

Mdima usanagwe bwino, chakudya chinali chitapsa. Mayi adapakula mpunga m'mbale zakuya zisanu ndi imodzi. Pamwamba pa mpunga adathira ndiwo ya nkhukundembo, ndipo pambali adaika mpiru. Mtsikana adagwada nathirira amalume ake madzi osamba m'manja. Aliyense adalandira nyama yofanana ndi ya mnzake, ndipo pambali pa mbaula padatsala nkhuni ziwiri zophikira tiyi wa mlendo m'mawa.

Chifukwa chake chakudyachi chimapsa msanga

Nthuli yaikulu imachedwa kupsa chifukwa kutentha kumatenga nthawi kuti kufike pakati pake. Nyama yodulidwa tizidutswa ting'onoting'ono imalandira kutentha mbali zonse nthawi imodzi, ndipo imapsa pa mphindi 10 kapena 15 zokha. Kusinja kumafewetsanso mnofu wolimba wa mbalame yoyenda yokha pabwalo. Njira imeneyi imapulumutsa nthawi ndi nkhuni, ndiponso imachititsa kuti nyama yochepa ikwanire anthu ambiri. Nkhukundembo ikasowa, wophika angathe kugwiritsa ntchito nkhuku, nyama ya mbuzi kapena nsomba yochotsa minga.

Zimene thupi limapindula

A zaumoyo m'Malaŵi amaphunzitsa kuti pali magulu asanu ndi limodzi a zakudya. Maguluwa ndi zokhutitsa, zanyama, zanyemba, zamasamba, zipatso ndi zamafuta. Mpunga uli m'gulu la zokhutitsa ndipo umapatsa mphamvu. Nyama imakulitsa ndi kumanga thupi. Mpiru ndi matimati zimathandiza kuteteza thupi ku matenda, pamene mafuta amaonjezera mphamvu. Banja likathira nsinjiro mumpiru ndi kudya nthochi kapena papaya pambuyo pake, ndiye kuti ladya magulu onse pa chakudya chimodzi.

Zoyenera kusamala

Nyama yaiwisi ya mbalame imatha kukhala ndi tizilombo tosaoneka ndi maso toyambitsa kutsekula m'mimba. Tizilomboti timafa nyama ikapsa bwino. Mbalame yofa yokha kapena yodwala siyenera kudyedwa. Pamene palibe firiji, nyama iphikidwe tsiku lomwe yazingidwa. Mpunga wopsa nawonso suyenera kukhala nthawi yaitali pamalo ofunda, chifukwa umaonongeka ngakhale usananunkhe. Ndi bwino kuphika wokwanira kudya nthawi imodzi. Mwana wosakwana chaka chimodzi asapatsidwe uchi, ndipo ana aang'ono apatuliridwe ndiwo yawo tsabola asanathiridwe. Ana asaphike okha pamoto popanda munthu wamkulu.

Luso la kuphika ndi la anyamata ndi atsikana omwe. Munthu wodziwa kuyeza, kusunga ukhondo ndi kusamala moto amatha kudyetsa banja bwino ngakhale zinthu zitachepa.

Mawu ofunika kuwadziwa

kuwokera: kuzula mbande panazale ndi kukazibzala m'munda
ngala: mutu wa mpunga kapena mapira umene umakhala ndi njere
mankhusu: makoko a njere za mpunga
kuzinga: kupha chiweto pochidula pakhosi
chidali: chifuwa cha nkhuku kapena mbalame ina
kutereka: kuika mphika pamoto
kuphula: kuchotsa mphika pamoto
kuphwa: kuuma kwa madzi a m'nyanja kapena mumtsinje

Mafunso

1. Kodi dera la Chikweo lili m'boma liti, ndipo lili pafupi ndi nyanja iti?
2. Chifukwa chiyani mpunga umalimidwa kwambiri m'mbali mwa nyanja za Chiuta ndi Chilwa?
3. Tchulani zaka ziwiri zimene nyanja ya Chilwa idaphwa.
4. Kodi nkhukundembo idayamba kuwetedwa m'dziko liti?
5. Fotokozani mavuto awiri amene mayi aja adakumana nawo mlendo atafika.
6. Chifukwa chiyani nyama yodulidwa tizidutswa ting'onoting'ono imapsa msanga?
7. Kodi uchi ndi ndimu zimagwira ntchito yanji m'ndiwo ya tsabola?
8. Ngati banja likufuna kuphika makapu anayi a mpunga, lithire makapu angati a madzi?

Ntchito yolemba

A. Sanjani ntchito izi monga momwe zimatsatirana pa ulimi wa mpunga: kupuntha, kufesa panazale, kusinja, kumweta, kuwokera, kupalira.

B. Lembani ziganizo izi m'makope mwanu ndipo mutseke mzere kunsi kwa aneni:
1. Mtsikana adapeta mpunga.
2. Mnyamata adakoleza moto.
3. Mayi adasinja nyama m'kamtondo.
4. Amalume adasamba m'manja.

C. Perekani mawu otsutsana ndi awa: kutereka, kuvundikira, kufewa, kuchedwa.

D. Fotokozani matanthauzo a miyambi iyi:
1. Chakudza sichiyimba ng'oma.
2. Mlendo ndi mame.

Zochita

Funsani makolo anu kuti akuuzeni chakudya chimene amaphika mlendo akafika mwadzidzidzi. Lembani zofunika pophika chakudyacho ndi ndondomeko ya kaphikidwe kake m'ziganizo zisanu ndi chimodzi. Mukawerengere anzanu m'kalasi, ndipo mukambirane magulu a zakudya amene akupezekamo ndi amene akusowa.