Phunziro 18: Tikwere Phiri la Tumbine

Amayi ndi abambo, m'phunziro lathali tinawerenga za madzi a m'chitsime. Lero tiwerenga za kumene madziwo amachokera. Tiwerenga za mapiri athu. Werengani pang'onopang'ono. Mukapeza liu lovuta, lozani ndi chala, mufunse mnzanu. Amene wadziwa athandize amene sanadziwe.

1. Mapiri amene atizinga

Ife anthu a ku Milange timakhala pakati pa mapiri. Tikadzuka m'mawa timaona phiri la Tumbine. Tauni ya Milange ili patsinde pake penipeni. Tikatembenuka timaona phiri lalikulu la Mulanje, limene lili kutsidya, m'dziko la Malawi. Maina awiriwa, Milange ndi Mulanje, ndi dzina limodzi. Apwitikizi analilemba mwa njira yao, Angerezi analilembanso mwa njira yao.

Msinkhu wa phiri amauyeza ndi mamita, kuyambira pamene pali madzi a m'nyanja yamchere. Phiri la Tumbine lapitirira mamita 1,500. Kummwera, m'boma lathu lomwe lino, kuli phiri la Chiperone, la mamita 2,054. Ku Gurue kuli phiri la Namuli, la mamita 2,419. Namuli ndi lachiwiri kutalika m'dziko lonse la Mozambique. Loyamba ndi phiri la Binga, ku Manica, la mamita 2,436. Koma onsewa apambanidwa ndi nsonga ya Mulanje yotchedwa Sapitwa, imene ili ndi mamita 3,002.

Mau akuti chiperoni mumawadziwa. Ndi nyengo ija ya nkhungu ndi mvula yowaza, imene imabwera mu Juni ndi mu Julaye. Anthu a ku Malawi anaitcha dzinali chifukwa mitambo yake imachokera mbali ya phiri lathu la Chiperone.

2. Ulendo wathu

Tsiku lina Loweruka, m'nyengo ya chilimwe, gulu lathu la sukulu ya akulu linapangana zokwera Tumbine. Tinalipo anthu 14. Ambiri a ife tinabadwira patsinde pa phirili, koma amene anafikapo pamwamba anali atatu okha. Ena anati, "Kukwera phiri popanda kukatola nkhuni ndi ntchito ya alendo." Komabe anabwera.

Tinayamba tapita kwa amfumu kukawauza za ulendo wathu. Iwo anatipatsa bambo wina wodziwa njira kuti atitsogolere. Tinanyamuka tambala atalira kachiwiri. Aliyense anatenga madzi, mbatata yootcha ndi ndodo.

Poyamba njira inadzera m'minda ya chimanga ndi nandolo. Kenaka inayamba kukwera. Minda sinathe. Tinaipeza ngakhale pamalo otsetsereka kwambiri, pamene munthu amalima atagwira tsinde la mtengo. Tinaona zitsa zambiri ndi maenje ootchera makala. Titakwera ndithu tinalowa m'mitengo. Mphepo inasintha, inayamba kuzizira. Pansi panali chinyontho, ngakhale mvula inali itasiya kale. Kamtsinje kanali kutuluka pansi pa mwala, madzi ake oyera mbee. Tinamwa.

Dzuwa lisanafike pamutu tinafika pathanthwe loonekera kutali. Tinakhala pansi. Kwa kanthawi palibe amene analankhula.

3. Zimene tinaona

Tinaona tauni yathu ili pansi, madenga a malata akung'anima. Tinaona msewu wopita ku Mocuba, ndi njinga zonyamula matumba a chimanga zikuoneka ngati nyerere. Tinaona phiri la Mulanje lonse, mutu wake uli m'mitambo, ndi minda ya tiyi yobiriwira patsinde pake.

Ndinafunsa kuti, "Malire ali pati?" Onse anayang'ana. Malire sanaoneke. Chimene chinaoneka ndi mtsinje wa Muloza, ukuyenda mokhotakhota. Minda ya tsidya lino ndi ya tsidya lija inali yofanana. Malirewa anapangana ndi Apwitikizi ndi Angerezi m'chaka cha 1891. Makolo athu sanafunsidwe. Mtsinje umene anthu ankatungamo madzi pamodzi unasanduka malire a maiko awiri.

Madzi a Muloza amathira mu Ruo. Ruo amathira mu Shire ku Chiromo. Shire amathira mu Zambezi, ndipo Zambezi amathira m'nyanja yamchere. Choncho dothi limene likokoloka m'munda wa paphiri pano limayenda ulendo wautali, ndipo silibwerera.

Agogo ena aakazi analoza kutsidya nati, "Njira ija ndiyo tinadzera pothawa nkhondo mu 1986, mwana kumsana, mphika pamutu." M'zaka zimenezo anthu a ku Mozambique pafupifupi 1,000,000 anathawira ku Malawi. Mtendere unasainidwa ku Roma pa 4 Okutobala 1992, ndipo anthu anayamba kubwerera kwao. Agogowo anati, "Lero ndaiona njira yonse ndi maso, kuyambira pamene ndinachokera mpaka pamene ndinakagona. Inali yaifupi chonchi?"

Kenaka bambo wotitsogolera uja anatilozera chinthu china. Anatilozera minda ya paphiri, ndi ngalande zofiira zimene madzi anakumba, zolunjika kumene kuli nyumba. Bambo wina wa m'gulu mwathu anayang'anitsitsa nati, "Munda uwo ndi wanga. Nyumba ili kumunsi kwakeyo ndi ya mlongo wanga." Munda umenewo anaulima zaka zambiri, koma anali asanauonepo kuchokera pamwamba.

4. Phiri limaitana mvula

Chifukwa chiyani kuphiri kumagwa mvula yambiri kuposa kuchigwa? Mphepo imachokera kunyanja yamchere itasenza chinyontho. Ikafika paphiri imasowa podzera, ndiye imakwera. Mphepo ikakwera imazizira. Pa mamita 1,000 alionse kuzizira kumaonjezeka ndi madigiri 6 kapena kupitirira pang'ono. Chinyontho chikazizira chimasanduka mitambo, mitambo imagwetsa mvula. Ndi chifukwa chake tiyi amakula bwino ku Mulanje ndi ku Gurue. Ndi chifukwa chakenso atsamunda anabzala tiyi kuno ku Milange, kumene makolo athu ambiri anagwira ntchito yothyola masamba.

Mvula ikagwa pamitengo, masamba amaichepetsa mphamvu. Zinyalala za pansi zimamwa madzi. Mizu imagwira dothi. Madzi amalowa pansi pang'onopang'ono, natuluka m'akasupe chaka chonse. Koma mvula ikagwa paphiri lopanda mitengo, madzi amathamanga pamwamba, natenga dothi. Mvula ikapitirira masiku angapo, dothi limakhuta madzi, limalemera, limaterereka pathanthwe. Likatsika limatenga miyala, mitengo ndi nyumba. Makolo athu anachitcha chinthu chimenechi Napolo.

Tinene zoona: ngakhale phiri la mitengo likhoza kugumuka mvula ikachuluka kopitirira. Koma phiri lometedwa limagumuka msanga, ndiponso malo ambiri.

5. Zaka zimene sitiiwala

Mu Marichi 1991 madzi ndi miyala zinatsika kuphiri la Michesi n'kusesa midzi ku Phalombe, ku Malawi. Anthu mazana anafa.

Mu Januwale 1998 phiri lathu lomweli la Tumbine linagumuka mvula itagwa kwambiri. Matope ndi miyala zinakwirira nyumba ndi minda kuno ku Milange. Anthu ambiri anafa. Ena mwa inu munataya abale, ndipo mukudziwa bwino kuposa ine.

Mu Marichi 2023 namondwe wotchedwa Freddy analowa kumtunda pafupi ndi Quelimane, nadutsa m'Zambezia mpaka kummwera kwa Malawi. Mapiri anagumuka ku Blantyre, ku Chiradzulu, ku Mulanje ndi ku Phalombe. Anthu mazanamazana anafa.

Werengani zakazi: 1991, 1998, 2023. Mwana amene anabadwa chaka cha Napolo wa Tumbine lero ali ndi ana ake. Iye sanaone. Ngati sitimuuza, adzamanga nyumba yake m'khwawa momwe munadutsa miyala.

6. Zizindikiro za ngozi

Mvula ikagwa masiku awiri kapena atatu osaleka, yang'anani izi:

Ming'alu yatsopano m'munda wa paphiri kapena pakhoma la nyumba.
Mitengo imene inali chilili yayamba kupendekeka.
Madzi akutuluka pamalo pamene sipatuluka madzi.
Madzi a mumtsinje asanduka matope mwadzidzidzi.
Mtsinje waphwa mwadzidzidzi mvula ikugwabe. Ndiye kuti watsekeka kumtunda, ndipo ukatseguka ubwera ndi mphamvu.
Phokoso longa galimoto lalikulu likumveka kuphiri.

Mukaona chimodzi mwa izi, musadikire kuti kuche. Dzutsani ana, itanani anansi, thandizani okalamba. Musathawe motsata khwawa. Thawirani chammbali, kumalo okwera. Mverani wailesi, mveraninso amfumu ndi akomiti ya ngozi akalengeza. Mbuzi ndi matumba a chimanga mudzazipezanso.

7. Tichite chiyani?

Sitinganene kuti anthu asalime, chifukwa mabanja achuluka ndipo malo achepa. Wootcha makala naye ali ndi ana ofuna kudya. Koma pali zimene tingathe, tikagwirizana mudzi wonse.

Tilime mizere yopingasa, yosatsata kutsetsereka kwa phiri. Tibzale udzu wa vetiva m'mizere ya akalozera kuti ugwire dothi. Tisiye mitengo kumene kumayambira mitsinje ndiponso m'mbali mwa makwawa. Tibzale nsungwi ndi nthochi m'ngalande. Tisatenthe tchire. Podula mtengo tisazule chitsa, chifukwa mitengo yambiri ya m'tchire imaphukanso. Malo otsetsereka kwambiri tiwasiyire mitengo. Tisamange nyumba m'njira ya madzi.

Bambo uja amene anaona munda wake ali pamwamba anatembenuza mizere yake mvula isanayambe. Mlamu wake anamthandiza kubzala vetiva. Ntchitoyi inawatengera masabata awiri.

8. Phiri losungidwa limaitana alendo

Ku Mulanje alendo amabwera kuchokera kumaiko akutali kudzakwera phiri. Amalipira anyamata owatsogolera ndi owanyamulira katundu. Amagona m'tinyumba ta paphiri. Amadzaona mtengo wa mkungudza wa Mulanje, umene mwachilengedwe umamera paphiri limenelo lokha, ndipo watsala pang'ono kutha chifukwa chodulidwa. Mu 2025 bungwe la UNESCO linalemba phiri la Mulanje m'kaundula wa malo ofunika pa dziko lonse.

Kuno ku Zambezia kuli phiri la Mabu, m'boma la Lugela. Anthu a kumeneko analidziwa kuyambira kale. Koma akatswiri a zachilengedwe anaizindikira nkhalango yake mu 2005 pa zithunzi zojambulidwa kuchokera mumlengalenga. Mu 2008 anapitako gulu, napeza agulugufe, njoka ndi anamzikambe amene anali asanalembedwe m'buku lililonse. Anapita kumeneko chifukwa mitengo inalipo. Mlendo sayenda ulendo wautali kudzaona zitsa.

Mnyamata wofuna kutsogolera alendo ayenera kudziwa kuwerenga chikwangwani, kulemba dzina lake ndi kuwerengera ndalama. Apa ndi pamene sukulu yathu ikumana ndi phiri.

9. Malangizo a wokwera phiri

Uzani amfumu ndi a kunyumba kumene mukupita. Musapite nokha. Tengani munthu wodziwa njira. Nyamukani m'mamawa, mubwerere dzuwa lisanalowe. Tengani madzi, chakudya ndi chofunda. Nkhungu ikatseka, khalani pansi mudikire. Musakwere m'masiku a mvula yambiri. Lemekezani manda ndi malo a makolo. Musasiye moto. Dziko la Mozambique linalengeza mu 2015 kuti lachotsa mabomba onse okwirira amene ankadziwika, komabe mukaona chitsulo chachilendo m'tchire musachigwire, kauzeni apolisi. Ngati mufuna kukakwera Mulanje, dzerani pachipata cha Muloza ndi chiphaso chanu.

Mau oti tiwerenge ndi kulemba

phiri: phi-ri
nsonga: nso-nga
malire: ma-li-re
kasupe: ka-su-pe
kugumuka: ku-gu-mu-ka
mkungudza: mku-ngu-dza

Mafunso

1. Tchulani mapiri awiri a m'boma la Milange.
2. Madzi a Muloza amadzera m'mitsinje iti asanafike kunyanja?
3. Chifukwa chiyani kuphiri kumagwa mvula yambiri?
4. Phiri la Tumbine linagumuka chaka chanji?
5. Tchulani zizindikiro zitatu za ngozi.

Masamu

1. Sapitwa ndi mamita 3,002. Namuli ndi mamita 2,419. Zikusiyana ndi mamita angati?
2. Chotsani 2,054 pa 2,419. Yankho lake likufanana ndi chiwerengero cha chiyani chimene mumachidziwa?
3. Panapita zaka zingati kuchokera 1998 kufika 2023?
4. Mabanja 12 abzala mitengo 25 banja lililonse. Mitengo yonse ndi ingati?

Ntchito ya pamodzi

Sabata ino kwerani kaphiri kamene kali pafupi ndi mudzi wanu. Pitani gulu lonse. Tengani kope ndi pensulo. Jambulani zimene muona: mtsinje, makwawa, minda, nyumba. Lembani dzina la chilichonse. Ikani mtanda pa nyumba iliyonse imene ili m'njira ya madzi. Mukatsika, kaonetseni amfumu chojambulacho, ndipo mubwere nacho ku phunziro lotsatira.