Kupumula Pang'ono Kuthandiza Mwana Kumvetsera M'kalasi

Mlimi wa kwa Mlolo kapena kwa Zingalume amene alima ndi ng'ombe adziwa cinthu cimodzi bwino-bwino. Ng'ombe zikakoka pulawo mizere ingapo, ayenera kuziimika pang'ono kumapeto kwa munda kuti zipume. Akazikakamiza ndi mkwapulo ziyamba kukhotetsa mizere, ndipo mwina imodzi ingogona pansi m'joko momwemo. Koma mlimi yemweyo, ngakhalenso mbale wake wa m'komboni pa boma la Chadiza, akamva kuti mwana wake wa Giredi 2 samvetsera m'kalasi, kambiri athamangira kunena kuti ndi ulesi kapena mwano. Aiwala kuti mutu wa mwana nawonso utopa.

Nkhani iyi yakula kucokera mu January 2022, pamene Boma linayamba maphunziro aulere mpaka Giredi 12. Ana ambiri amene anali kukhala kunyumba cifukwa cosowa ndalama anabwerera kusukulu, ndipo makalasi anadzaza, ku Chadiza monga m'maboma ena. Caka comweco Boma linalemba nchito aphunzitsi 30,496, ndipo ndalama za CDF zinakwezedwa kucoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni, zina mwa izo n'kugulira madesiki ndi kumangira makalasi. Zonsezi n'zabwino ndithu. Koma mwana angathe kukhala padesiki yatsopano, maso ali pabolodi, mtima uli kubwalo la mpira.

Cimene cicitika m'mutu mwa mwana

Kumvetsera ndi nchito, ndipo ndi nchito yotopetsa. Kuti mwana amve zimene mphunzitsi anena, ubongo wake uyenera kukana zinthu zina zambiri pa nthawi imodzi: mnzake amene amugunda ndi cigongono, nchenche imene itera pabuku, congo ca kalasi ina kuseri kwa cipupa, fungo la vitumbuwa kunja kwa mpanda. Mbali ya ubongo imene igwira nchito yosankha ndi yodziletsa ili kutsogolo, kuseri kwa cipumi, ndipo ndiyo icedwa kukhwima kupambana mbali zina. Imaliza kukula munthu atapitirira kale zaka 20. Tsono mwana wa zaka 7 amene alephera kukhala duu kwa theka la ola sanalodzedwe ayi. Ndi msinkhu wake.

Zizindikiro zakuti mutu watopa sizivuta kuona. Mwana ayamba kuyasamula, kugwedeza miyendo, kutafuna pensulo, kupempha kupita kucimbudzi, kapena kutsina mnzake. Wina angokhala cete ngati wofatsa, koma akafunsidwa funso adzidzimuka ngati wocokera kutulo. Mphunzitsi akapitiriza kulankhula pa nthawi yotere, ali ngati munthu wothira madzi m'ndowa yodzala kale.

Zimene ofufuza anapeza

Mu 2016 a Karrie Godwin ndi anzao ku America anafalitsa zimene anaona atakhala m'makalasi ambiri a ana ang'ono mpaka a Giredi 4. Anapeza kuti phunziro likamatalika kucoka pa mphindi 10 kufika pa mphindi 30, kumvetsera kwa ana kunali kucepa. Anapezanso kuti ana anali kutaya mtima kwambiri pamene mphunzitsi alankhula kwa kalasi yonse pamodzi, kusiyana ndi pamene agwira nchito m'timagulu kapena aliyense payekha. Mfundo yaciwiriyi ikhudza kwambiri masukulu a kuno, pakuti m'kalasi yodzaza mphunzitsi alibe njira ina yapafupi koma kuimirira kutsogolo ndi kulankhula kwa onse.

Caka comweco ofufuza ena anasanthula mayeso pafupi-fupi 2 miliyoni amene ana a ku Denmark analemba. Anapeza kuti mayeso akalembedwa mocedwa patsiku, mamakisi anali kutsika pang'ono-pang'ono ola lililonse. Koma ana akalemba atangocokera kopumula kwa mphindi 20 mpaka 30, mamakisi anali kukwera, ndipo kukwerako kunali kuposa kutsika kwa ola limodzi. Amene anali kuvutika kwambiri ndi kutopa, ndiponso kuthandizidwa kwambiri ndi kupumula, anali ana ofooka pa maphunziro.

Kumeneko ndi kupumula kwakutali, kwa pa bureki. Nanga kwakufupi, kwa m'kati mwa kalasi? Mu 2006 ku North Carolina, ku America komweko, a Matthew Mahar ndi anzao anayesa kupatsa ana maseŵera olimbitsa thupi a mphindi 10 tsiku lililonse m'kalasi momwemo, pafupi ndi madesiki ao. Pambuyo pa maseŵerawo ana anali kuika mtima pa nchito yao kuposa kale, ndipo kusintha kwakukulu kunaoneka pa ana aja amene poyamba anali osakhazikika kupambana onse.

Ku Finland masukulu ambiri apumitsa ana mphindi 15 akaphunzira mphindi 45. Zimenezo n'zovuta pa sukulu imene ili ndi gulu la m'mawa ndi gulu la masana, kumene ena ayembekeza panja kuti anzao atuluke. Ndiponso pasakhale kunamizana: kupumula pakokha sikuphunzitsa mwana kuŵerenga kapena kuŵerengera. Cimene kucita ndi kubweza mtima wa mwana kuti zimene mphunzitsi anena zipeze poloŵera.

Kacitidwe kake

Sipafunika ndalama, cipangizo kapena bwalo. Mphindi ziŵiri mpaka zisanu zikwana. Cofunika ndi cakuti mphunzitsi ayang'ane kaye ana ake, pakuti kutopa kuli mitundu iŵiri ndipo mankhwala ake asiyana.

Pali kutopa kwa tulo. Uku kuoneka maka-maka pa gulu la masana m'miyezi ya October ndi November, pamene malata atentha ngati ciwaya ndipo mpweya m'kalasi ulemera. Ana otere afunika kudzutsidwa. Aimirire onse pamalo pao, akweze manja kumwamba, adziwongole, aŵerame kugwira zala zakumapazi, kenaka aguba pamalo amodzi akuŵerenga mokweza kufika pa 20. Nyimbo yaifupi yoomba m'manja imene ana aidziŵa kale igwiranso nchito yomweyo. Mazenera ndi citseko zikhale zotsegula. Ngati simenti ya pansi inakumbika ndipo kuguba kuutsa fumbi, ndi bwino kungoomba m'manja ndi kudziwongola, cifukwa fumbi livutitsa ana amene ali ndi mphumu.

Palinso kutopa kwa congo, pamene ana abalalika, aseka ciliconse ndi kukankhana. Kumeneku kucitika kambiri akangocokera ku bureki kapena kumpira. Kuŵaimbitsa nyimbo pa nthawi yotere ndi kuthira palafini pamoto. Afunika kukhazikitsidwa pansi. Atseke maso, akoke mpweya pang'ono-pang'ono ndi mphuno akuŵerenga cam'mtima kufika pa 4, kenaka autulutse pang'ono-pang'ono, acite tero kasanu. Kapena akhale cete mphindi imodzi, aliyense akuŵerenga maphokoso amene akumva kunja, monga tambala, njinga kapena cigayo, pambuyo pake aŵiri kapena atatu anene zimene amva. Tsiku loyamba ana aseka, pakuti n'zacilendo. Sabata ikatha azoloŵera.

Aphunzitsi ambiri aopa cinthu cimodzi, ndipo mantha ao ndi omveka: kalasi ya ana oculuka ikaimirira, idzakhalanso pansi liti? Yankho lake ndi cizindikiro cimene onse agwirizana pasadakhale, monga kuomba m'manja katatu kapena kukweza dzanja limodzi. Cizindikiroco cikamveka aliyense akhala pansi ndi kutsegula buku. Ciyenera kukhala comweco tsiku ndi tsiku. Cina ndi kusayembekeza kuti kalasi iyambe yasokonezeka. Nthawi yabwino ndi pamene ana atatu kapena anai ayamba kuyasamula, kapena pocoka pa phunziro lina kupita pa lina, monga pocoka pa masamu kupita pa Cinyanja. Mwana wolemala asasiyidwe kumbuyo. Iyeyo angathe kukhala wotsogolera kuŵerenga kapena woomba m'manja.

Kuletsa mwana kutuluka pa bureki

Lamulo la Maphunziro la 2011 liletsa kumenya mwana kusukulu. Popeza cikoti cinacoka, ena anapeza cilango cina: mwana wacongo atsala m'kalasi anzake akatuluka pa bureki. Cilango ici cioneka cofatsa, koma cibweza zinthu m'mbuyo. Mwana amene alephera kukhala duu ndiye afunika kuthamanga kupambana anzake onse, ndipo akamanidwa abwera pa phunziro lotsatira ali woipirapo. Mu 2013 bungwe la madokotala a ana ku America, la American Academy of Pediatrics, linalangiza kuti nthawi yopumula isamacotsedwe monga cilango kapena pofuna kuonjezera maphunziro. Makolo ali ndi ufulu wokamba nkhani iyi mwaulemu pa misonkhano ya makolo ndi aphunzitsi. Ndiponso kholo limene lipita pafupi ndi sukulu n'kumva ana aimba pa nthawi ya masamu lisafulumire kunena kuti aphunzitsi a masiku ano angoseŵera.

Mbali ya makolo kunyumba

Homuweki nayonso ifuna nzeru yomweyo. Mwana wamng'ono alembe kwa mphindi 10 kapena 15, kenaka anyamuke, amwe madzi, atengere amai ake mbale kapena azungulire nyumba, ndipo abwerere. TV ndi foni sizipumitsa mutu. Zikoka mtima mwamphamvu kotero kuti kubwerera kubuku kusanduka nkhondo.

Bungwe la World Health Organization linalangiza mu 2020 kuti ana a zaka 5 mpaka 17 azicita zolimbitsa thupi pafupi-fupi mphindi 60 tsiku lililonse. Waida, cidunu ndi mpira wa mapepala pakati pa nyumba zonse ziŵerengedwa. Pa za tulo, akatswiri anena kuti mwana wa zaka 6 mpaka 12 afunika maola 9 mpaka 12 usiku uliwonse. Ngati adzuka 6 koloko m'mawa, ayenera kukhala atagona pofika 9 koloko usiku, ngakhale akulu akali kuonera mpira.

Ndipo asapite kusukulu ndi njala. Phala, mbatata, cimbala ca dzulo cotenthetsa bwino kapena nshawa zodzaza dzanja zisintha m'mawa wonse wa mwana. Mabanja amene anapita m'cilala ca 2024 adziŵa okha mmene mwana wanjala akhalira ndi buku.

Pamene kupumula sikuthandiza

Ngati kalasi yonse yatsitsimuka koma mwana mmodzi akali wolefuka tsiku ndi tsiku, cifukwa cake cifunidwe m'thupi. Malungo obwera-bwera, njoka za m'mimba ndi likodzo zicepetsa magazi, ndipo mwana wocepa magazi atopa msanga, m'zikhato ndi m'kati mwa zikope muoneka moyera. Mwana amene asamba kapena kuseŵera m'madamu ndi m'mitsinje afunsidwe ngati aona magazi pokodza, pakuti ambiri abisa cifukwa ca manyazi. Wina saona bwino zolembedwa pabolodi, acita kutsinzina maso kapena kukopera kwa mnzake. Wina samva bwino cifukwa ca mafinya m'khutu, ndiye achedwa wamwano pamene sanamve n'komwe. Palinso mtundu wina wa khunyu wosagwetsa munthu: mwana angoti tuzu kwa masekondi ocepa, osayankha ngakhale aitanidwe, kenaka apitiriza ngati palibe cacitika, ndipo izi zibwereza kambiri patsiku. Matendawa ali ndi mankhwala.

Mtima nawonso ulemera. Maliro, ndeu za akulu usiku kapena kuvutitsidwa ndi anzake panjira zingathe kucotsa mwana m'kalasi iye ali momwemo.

Kholo likaona zotere liyambe lakamba ndi mphunzitsi, limve kuti vutolo lioneka nthawi yanji ndiponso linayamba liti. Pambuyo pake lipite ndi mwanayo kukiliniki yapafupi kapena kucipatala ca Chadiza, likafotokoze zonse zimene mphunzitsi waona, ndipo lipemphe kuti amupime malungo, magazi, mkodzo, maso ndi makutu.