ZOTSALA ZA M'MUNDA: ZOGULITSA NDI ZITI, ZOSIYA M'MUNDA NDI ZITI?

Alimi a ku Katete, Sinda ndi Vubwi, kukolola kwatha ndipo cimanga cili m'nkhokwe. M'minda mwatsala mapesi, masangwi a nshawa, mitengo ya mpendadzuwa ndi ya thonje. Kumadimba kuli mathunthu a nthoci zimene zinabala kale. Posacedwa anyamata adzayamba kusaka mbewa, ndipo mwezi wa Ogasiti usanathe utsi udzakhala uli kukwera mbali zonse ziwiri za mseu waukulu wa Great East. Phunziro lathu lero linena za zotsala zimenezi, pakuti masiku ano kuli anthu amene azisandutsa mapepala ndi zokulungira katundu, nalipira mlimi ndalama. Koma kuti timvetse cifukwa cace nchito yotere ifunika, tiyambe taona thumba la pulasitiki.

Makolo athu sanasowe mokulunga zinthu. Mfutso anausunga m'cikwatu ca masamba a msuku comangidwa ndi luzi, ndipo unakhala bwino kufikira mvula ina. Mkate anauphika m'masamba a nthoci. Ufa unapita kumaliro m'dengu kapena m'nsengwa. Zimenezi zikatha nchito zinatayidwa kudzala, ciswe ndi mvula nizibwezera kunthaka kumene zinacokera. Lero munthu akagula mulu wa tomato, kapenta ndi mcere pang'ono pa msika wa Katete kapena wa Sinda, ciliconse cilowa m'kathumba kace kace. Pulasitiki ipangidwa ndi mafuta okumbidwa pansi, omwewo amene atipatsa petulo, ndipo ciswe siciidya, mvula siioletsa. Dzuwa lingoiphwanya tizidutswa tating'ono timene tikhala m'nthaka zaka zambirimbiri.

Amene aweta ng'ombe amvetse bwino apa. Ng'ombe sitafuna kwenikweni pamene ili kudya. Ikoka udzu ndi lilime nimeza, kuti ibzikule pambuyo pace. Thumba limene munali mcere kapena mafuta liikopa ndi fungo, ndipo likalowa m'cifu siligayika konse. Lipotana ndi anzace kufikira apanga cimpira colimba. Ng'ombe iyamba kudya pang'ono, ionda, mimba itupa, ndipo mwini wace aganiza kuti ndi njoka za m'mimba kapena matenda a nkhupakupa, naononga ndalama pa mankhwala amene sangathandize. Coonadi cioneka tsiku loisenda. Ng'ombe yolima ikafa motero mwezi wa Okutobala, goli latsala ndi ng'ombe imodzi, ndipo banja limenelo lidzabzala mocedwa. Mbuzi nazo zifa imfa yomweyo. Matumba ena atseka ngalande nasunga madzi moswera udzudzu, ndipo amai amene akolezera mbaula ndi pulasitiki adziwe kuti utsi wace ndi woipa m'cifuwa, makamaka kwa mwana ali kumbuyo.

Cifukwa ca zimenezi Boma linaika lamulo, Statutory Instrument No. 65 ya caka ca 2018, loletsa matumba a pulasitiki opyapyala osafika ma micron 30, ndipo bungwe la ZEMA ndilo liyang'anira lamulolo. M'milimita imodzi muli ma micron 1,000. Tsono muone kupyapyala kwace. Anansi athu a ku Malawi analetsa matumba osafika ma micron 60 m'caka ca 2015, dziko la Rwanda linayamba kale m'caka ca 2008, ndipo Kenya inatsatira mu 2017. Koma lamulo lokha silinyamula tomato. Wogula afunabe ponyamulira, ndipo apa ndi pamene zotsala za m'munda zipezera malo ace.

NTHOCI ZA KU MFUWE

Citsanzo sitikacifuna kutali. Cili m'cigawo cathu comwe cino ca Kum'mawa. Ku Mfuwe, m'boma la Mambwe, pafupi ndi nkhalango ya nyama ya South Luangwa, kampani ya ku Japan yochedwa One Planet Café inayamba m'caka ca 2011 kugwira nchito pamodzi ndi anthu a m'midzi yocotsa ulusi m'mathunthu a nthoci. Kampani imeneyi ndi ya mtundu umene ucita malonda kuti uthandize anthu ndi cilengedwe, osati kungolemeretsa eni ace. Colinga cace cinali cakuti munthu wa kucigwa apeze ndalama popanda kuchera misampha ya nyama kapena kugwetsa mitengo.

Mlimi aliyense adziwa kuti thunthu la nthoci libala kamodzi kokha. Mukadula mkoko, thunthulo latha nchito, ndipo mphukira za m'mbali ndizo zidzabala caka camawa. Thunthu limeneli si mtengo weniweni ai. Ndi makungwa a masamba okutana mwamphamvu, odzala madzi, ndipo m'kati mwa khungwa lililonse muli ulusi wautali wolimba. Anchito asenda makungwawo limodzi limodzi, apala nyama yace yamadzi kufikira utsale ulusi woyera, nauyanika. Ulusi wouma utumizidwa ku Echizen, m'cigawo ca Fukui ku Japan, kumene anthu akhala akupanga mapepala zaka zoposa 1,000. Kumeneko ausanganiza ndi phala la mapepala ena, ndipo patuluka pepala lochedwa One Planet Paper, limene makampani alembapo maina ao ndi kukulungira katundu. M'caka ca 2016 nchito imeneyi inalandira cizindikiro ca bungwe la World Fair Trade Organization, limene liona ngati anchito alipidwa molungama.

Tinene poyera kuti pa cinthu ciliconse phindu lalikulu likhala ndi iye amene acitsiriza, monga ticitira ndi thonje lathu: tigulitsa lofiira ndi fumbi, tigula nsalu. Cimene anthu a ku Mfuwe atiphunzitsa ndi cakuti ulusi wa m'dimba la kuno ndi wabwino kokwanira kukondweretsa amisiri a mapepala a kutsidya la nyanja. Cotsala ndi cakuti thumba lonyamulira ufa ndi nyemba lipangidwe kuno. Sicinthu cosatheka: ku Blantyre bungwe la Paper Making Education Trust linaonetsa kale kuti pepala lipangika ndi manja pogwiritsa nchito mapepala akale ndi ulusi wa zomera, nthoci pamodzi. Ku India apanga mbale ndi mabokosi a cakudya ndi mapesi a mpunga ndi zotsala za nzimbe, ndipo ku America kampani ya Ecovative, imene inayamba mu 2007, imeretsa mizu ya bowa m'zotsala za m'munda kuti zigwirane kukhala zochingira katundu wosweka.

KAPANGIDWE KACE

Nzeru yace si yacilendo kwa amai a kuno. Comera ciliconse cili ndi ulusi, ndipo ulusiwo ugwirizidwa ndi cinthu conga ulimbo cimene ciumitsa phesi. Wopanga pepala ayenera kusungunula ulimbowo kuti ulusi umasuke. Aduladula ulusi wa nthoci kapena makoko a cimanga tizidutswa tonga cala, nauwiritsa maora angapo m'madzi a soda. Kale amisiri a ku Japan analibe soda wa m'sitolo; anawiritsa ndi madzi oceza m'phulusa, ndico cidulo comwe cija amai athu afewetsera therere. Ukafewa autsuka bwino bwino, ausinja mumtondo kufikira ukhale phala, nausungunula m'beseni lalikulu la madzi. Tsono atunga phalalo ndi sefa ya waya yokhomedwa pa matabwa, madzi atsika, ndipo pa sefapo patsala cinsalu copyapyala ca ulusi wolukana wokha. Acifinya pakati pa nsalu ndi matabwa, aciyanika, ndipo limenelo ndi pepala. Phala lomwelo likathiridwa m'cikombole lituluka ngati thireyi ya mazira kapena kabokosi ka zipatso.

Cenjezo likhalepo pa madzi owiritsira. Soda wa m'sitolo wopangira sopo aocha khungu ndi maso, ndipo madzi ace asatayidwe m'mtsinje, m'dambo kapena pafupi ndi citsime. Akumbiridwe dzenje lace kutali ndi ana ndi ziweto. Kungakhale kupusa kucotsa pulasitiki m'mudzi ndi kupha nsomba za m'dambo.

Ndiponso pepala silingathe zonse. Lisunga bwino zinthu zouma, monga ufa, nyemba, nshawa, mbeu, mazira ndi zitumbuwa. Koma nsomba yaiwisi, mafuta ophikira ndi munkoyo zifuna mbale kapena botolo lobwera nalo kucokera kunyumba. Mtengo wace uposa wa pulasitiki, pakuti lidya nkhuni, madzi ndi thukuta. Ubwino wace ndi wakuti likatayidwa liola mvula imodzi isanathe, ndipo ng'ombe ikalimeza iligaya monga igayira phesi.

MUNDA UDYE COYAMBA

Apa ndi pamene pagona phunziro lathu. Mlimi akamva kuti zotsala zili ndi mtengo, angathe kusesa munda wonse nakweza mapesi pa ngolo, naganiza kuti wacenjera. Ameneyo wagulitsa cakudya ca munda wace. Mapesi ogonekedwa pansi achinga nthaka kuti mvula yoyamba isaikokolole, asunga cinyontho pa nthawi ya ng'amba, ndipo ciswe cikawadya abwerera m'nthaka ngati manyowa. Amene anaona cilala ca caka ca 2024, pamene mvula inadula cimanga cili kumasula, akumbukira kuti munda wophimbidwa unacedwa kufota kuposa munda wa mbee. A Conservation Farming Unit, amene anayamba nchito m'dziko muno mu 1996, akhala akuphunzitsa zimenezi, ndipo muyeso wa ulimi wosunga nthaka ndi wakuti magawo atatu mwa magawo khumi a nthaka, kapena kuposa, akhale ophimbidwa. A COMACO naonso, amene kuyambira mu 2003 agula nshawa ndi mbeu zina kwa alimi a cigawo cino napanga ciponde ca It's Wild!, alangiza alimi ao kuti asatenthe minda. Moto uulutsa mumlengalenga cakudya ca mbeu comwe cija mugula ndi ndalama zambiri m'thumba la urea. Cimene citsala ndi phulusa, limene mphepo ya mwezi wa Seputembala ilitenga. Mbewa khumi za pa mpani sizingalipire thumba limodzi la feteleza.

Motero mapesi a cimanga ndi zotsala za soya zikhale m'munda. Masangwi a nshawa ndi cakudya cabwino koposa ca ng'ombe pa cilimwe. Aunjikeni pa thandala pa mthunzi, ndipo adzabwerera kumunda monga ndowe za m'khola. Wogulitsa masangwi kuti akapange pepala, ng'ombe zace zili kudya matumba kudzala, wasokoneza mutu ndi mcira.

Zogulitsa ndi zimene zacoka kale m'munda ndipo zingounjikana pakhomo kapena pamsika: makoko a cimanga osendedwa pokonola, makoko a nshawa otsala poswa, makoko ndi zotafuna za nzimbe zimene zidzaza misika ya m'mbali mwa mseu. Ulusi wa nthoci uposa zonse pa cifukwa ici, kuti mlimi sataya kanthu. Gawo lalikulu la thunthu ndi madzi ndi nyama yofewa. Mukapala ulusi m'dimba momwemo, nyama yonseyo itsala patsinde pa nthoci nikhala manyowa, ndipo cimene cituluka m'dimba ndi kamtolo kopepuka konyamula pa njinga. Musanyamule mathunthu athunthu kupita nao kutali, pakuti mudzalipira ngolo kunyamula madzi. Musadule thunthu limene lisanabale cifukwa ca ndalama ya ulusi. Mkoko uposa ulusi mtengo. Ndipo ngati nthoci zanu zapinimbira, masamba ali cilili mothinana pamwamba, amenewo ndi matenda a cisaka amene anaononga nthoci zambiri ku Malawi. Kauzeni mlangizi wa zaulimi msanga, ndipo mphukira kapena thunthu la m'dimba limenelo lisapite ku dimba la mnzanu. Inu a ku Vubwi, amene mukhala m'malire ndipo mupatsana mbeu ndi abale a kutsidya, samalani koposa.

Mitengo ya thonje ili ndi nkhani yace yace. Imeneyo alangizi atiuza kuizula tikatha kutola, kuti mbozi zisagonere m'munda kudikira thonje la caka camawa. Popeza iyenera kucoka ndithu, ndi yoyenera kuisandutsa kanthu. Koma isaunjikidwe pafupi ndi munda kufikira mvula, pakuti mbozi zidzabwerera.

Nchito yotere siyenda ndi munthu mmodzi. Wogula ulusi afuna wambiri, wofanana, ndi wofika pa nthawi yace, ndipo izi zitheka ndi kalabu ya amai kapena kopaletivu ya alimi a dimba limodzi. Ulusi uyanikidwe pa cingwe, osati pansi. Usungidwe pouma, kutali ndi utsi wa kukhichini, cifukwa wakuda ndi wankhungu ukanidwa. Akabwera munthu kunena kuti adzagula, mufunseni mtengo wa kilogalamu, tsiku lolipira ndi amene adzalipira ulendo, ndipo mau amenewo alembedwe pamaso pa anyakwawa ndi mlangizi musanadule thunthu ngakhale limodzi. Sikelo muione nonse.

Amene afuna kuyesa kupanga okha ayambe ndi zazing'ono zimene zili ndi msika pafupi: mathireyi a mazira, timatumba ta mbeu za ndiwo, ndi timiphika tofeseramo mitengo ya gliricidia m'malo mwa timachubu takuda tija titsala mbwee ku nazale. Kamphika ka ulusi kabzalidwa pamodzi ndi mtengo wace, mizu niboola yokha. Mwambo wa Kulamba ku Mkaika, kumene Acewa a ku Zambia, Malawi ndi Mozambique asonkhana kwa Kalonga Gawa Undi kumapeto kwa Ogasiti, ndi msika waukulu wa zakudya, ndipo kalabu imene ikonzeka ingayesere kumeneko matumba ace oyamba. Ulusi wa nchito imeneyo uyenera kupalidwa ndi kuyanikidwa tsopano, dzuwa likadalipo.