Kodi foni imadziwa bwanji mwana amene sanabayitse katemera?

Mu Marichi 2023, namondwe wa Freddy anakokolola misewu ndi milatho kuno ku Phalombe. Pa nthawi ngati imeneyo netiweki imavuta, koma ana amafunikabe katemera. N'chifukwa chake mapulogalamu a pafoni a alangizi a zaumoyo, monga iCHIS ya Unduna wa Zaumoyo, amapangidwa kuti azigwira ntchito ngakhale popanda intaneti. Zonse amayamba azisunga m'foni momwemo, mu database. Lero ndikufuna tione mmene foni imafufuzira m'menemo.

Mapulogalamu ambiri a pa Android ndi iPhone amagwiritsa ntchito database yotchedwa SQLite, imene Richard Hipp anaipanga mu 2000. Maganizo ake ndi akale kuposa pamenepo: mu 1970 Edgar Codd wa ku IBM ananena kuti zinthu zizisungidwa m'matebulo olumikizana.

Tiyerekeze kuti tili ndi matebulo awiri. Loyamba ndi la ana: mwana aliyense ali ndi mzere wake, dzina, mudzi ndi nambala yakeyake. Lachiwiri ndi la katemera: mwana akabayitsa, timalemba mtundu wa katemera, tsiku ndi nambala ya mwanayo basi. Dzina sitilembanso. Bwanji? Mayina amafanana, m'mudzi umodzi mutha kupeza ana atatu a dzina limodzi. Nambala ndiye siifanana, ndipo ndi chingwe chomanga matebulo awiriwa. Zili ngati nambala yanu ya mayeso a MANEB.

Pofunsa database timagwiritsa ntchito chilankhulo cha SQL. Liwu loti JOIN limauza foni kuti ilumikize mizere imene manambala ake akugwirizana. Koma apa tcherani khutu. JOIN wamba imangobweretsa mizere imene yapeza mnzake mbali zonse ziwiri. Mwana amene sanabayitsepo alibe mzere m'tebulo la katemera, ndiye pa mndandanda satuluka n'komwe. Chonsechotu ndi yemweyo amene mlangizi akumufuna! Katemera wa chikuku amaperekedwa pa miyezi 9 ndi 15, ndipo chikuku sichichedwa kufalikira pakati pa ana osabayitsa.

Mankhwala ake ndi LEFT JOIN, imene imasunga ana onse, opeza mnzawo ndi osapeza omwe:

SELECT ana.dzina FROM ana
LEFT JOIN katemera ON ana.nambala = katemera.mwana
AND katemera.mtundu = 'chikuku'
WHERE katemera.mwana IS NULL;

M'Chichewa tinganene kuti: tenga ana onse, aliyense umufunire mzere wake wa katemera wa chikuku, kenako undionetse okhawo amene malo awo atsala opanda kanthu. NULL ndiye kupanda kanthuko.

Tsono poti ndine mphunzitsi wa Physics, tikambeko za batire. Paja mukukumbukira E = P × t? Foni ikatenga nthawi yaitali ikufufuza, imadyanso moto wambiri, ndipo kumudzi kutchaja foni n'kolipira. Tebulo likakhala ndi mizere 1,000, kufufuza umodziumodzi kungafune kuyang'ana ka 1,000. Koma manambala akasanjidwa mwadongosolo, foni itha kuyang'ana pakati, kutaya theka losafunika, n'kubwerezanso. Kugawa pawiri ka 10 kokha kwakwana, chifukwa 2 kuchulukitsa yekha ka 10 ndi 1,024. Mndandanda wosanjidwa wothandiza kufufuza msanga chonchi umatchedwa index.

Yesani nokha m'kope. Jambulani tebulo la anzanu 6 a m'kalasi, aliyense nambala yake. Jambulaninso lina la mabuku obwerekedwa ku laibulale, koma anzanu awiri asakhalemo. Lembani zimene JOIN ingatulutse, kenako zimene LEFT JOIN ingatulutse. Ndani wasowa pa mndandanda woyamba? Nanga mmodzi akabwereka mabuku atatu, dzina lake lituluka kangati?