Azakhali, ng'ombe za bambo zidzabwerera?

Zikomo Azakhali,
Ndasankhidwa kukaphunzira zofalitsa nkhani ku Mzuni, pomwe ine mtima unali ku Blantyre komwe kuli manyuzipepala akuluakulu. Bambo akuti agulitsa ng'ombe zawo ziwiri kuti ndipite, koma malume akuti mtolankhani amayenda wapansi mpaka nsapato kutha chidendene. Kodi ng'ombezi zidzabwerera?
Ine mwana wanu wamkazi, ku Dedza.

Iwe mwana wa achimwene,
Zidzabwerera? Zapita kubusa kodi? Malume akowo angokokomeza, koma bodza lenileni sananene.

Fizi usaiope kwambiri, imabwera ndi kalata ndipo umaidziwiratu. Chodya ndalama mwakachetechete ndi lendi ya kachipinda ku Luwinga ukasowa malo kuhositelo, makala, ufa, bandulo ya intaneti, ndi basi yodutsa ku Kasungu, Jenda ndi Chikangawa tchuthi chilichonse. Ugulenso jekete. Usadzitame kuti wa ku Dedza sazizidwa, kuzizira kwa ku Mzuzu kumabwera ndi mvula yake. Kenako kuli atachimenti, miyezi yolemba nkhani kawirikawiri popanda malipiro, ya minibasi ikuchokera m'thumba la bambo ako. Kalembere ku Loans Board msanga, koma kumbuka kuti dzina lake ndi ngongole. Ukadzayamba kulandira, adzakupeza.

Tsono zolandirazo. Atolankhani ambiri amayamba ngati otumiza nkhani kuchokera m'maboma, kulipidwa nkhaniyo ikatuluka. Ikapanda kutuluka, mwezi umenewo ndi wa bonya. Kumawayilesi a m'madera, ena amagwira mongodzipereka. Apa mpamene pamalowera chipondamthengo. Msonkhano wa atolankhani ukatha, wina amaima pakhomo ndi pepala losainira ndi timaenvulopu, n'kumati ndi ya thiransipoti. Ukaizolowera envulopuyo, tsiku lomwe bwana yemweyo adzabe ndalama za mankhwala cholembera chako chidzakana kulemba. Ndipo m'tauni anthu amadziwana, mwanawe. Dzina likanunkha, ngakhale a mabungwe ndi mabanki, omwe amatenga atolankhani kukhala owayankhulira pa malipiro abwinopo, sadzakuyang'ana.

Za Blantyre zisakudwalitse mutu. Ukufuna utolankhani kapena ukufuna kujambulitsa pa Chichiri Mall? Times ndi Nation malikulu awo ali kumeneko, inde, koma ku Mzuzu ali ndi maofesi, ndipo kulinso Voice of Livingstonia ndi Radio Tigabane. Chigawo chonse, kuchokera ku Chitipa mpaka ku Mzimba ndi Nkhata Bay, chili ndi nkhani zambiri kuposa ozilemba. Kagogode chaka choyamba chomwe, usadikire gauni. Mkonzi safunsa kuti kalasi yako inayang'ana phiri liti, amati "tione zomwe unalembapo". Phunzira Chitumbuka, phunzira kujambula ndi kudula kanema pafoni, ndipo uwerenge lamulo lopatsa anthu ufulu wopeza nkhani m'maofesi a boma, lomwe linayamba kugwira ntchito mu 2020.

Pita ku Mzuzu. Koma bambo ako agulitse ng'ombe imodzi yokha, inayo aisungire atachimenti. Ndipo kamnyamata kamene kakukukokera mtima ku Blantyre ko, usaganize kuti sindinakaone m'kalata yakoyi, kauze kakupeze utatenga digiri.

Ndine Azakhali ako.