Vezel kapena C-HR: wamalonda asankhe iti?

Geni ikayamba kuyenda bwino, imafika nthawi yoti mwini wake atope ndi kudikira minibasi komanso kulipira hayala nthawi iliyonse akaoda katundu. Apa m'pamene maganizo a galimoto amabwera. Pikiapu ndi yodula ndipo imamwa mafuta, pomwe galimoto zazing'ono zotsika zimavutika m'misewu ya kumisika. N'chifukwa chake maso a ambiri akugwera pa galimoto zapakatikati, zotukuka pang'ono, zomwe ogulitsa amazitchula kuti crossover. Ziwiri zomwe zimayerekezedwa kawirikawiri ndi Honda Vezel ndi Toyota C-HR.

Ndalama zogulira imodzi mwa izi zitha kukhala phindu la zaka zingapo, mwinanso ngongole. Wosankha molakwika amapezeka akudyetsa galimoto m'malo moti galimotoyo izidyetsa bizinesi. Phunziro la sabata ino ndi la mmene wamalonda angasankhire poyang'ana katundu wake, msewu wake ndi makaniko wake.

Komwe zidachokera

Vezel idatuluka ku Japan mu December 2013. Idamangidwa pa maziko a Honda Fit, ndipo m'maiko ena, monga South Africa, imadziwika kuti HR-V. C-HR idatuluka mu December 2016, pa maziko omwe imagawana ndi Toyota Prius. Kwawo ku Japan ziwirizi zidalimbirana makasitomala kwa zaka zingapo, ndipo zonse zidagulidwa zambiri. N'chifukwa chake lero zogwiritsidwa kale ntchito zikupezeka zochuluka. Zonse zili ndi chiwongolero kumanja monga zifunikira m'misewu ya dziko lino, ndipo zonse zimanyamula anthu asanu. Zomwe zikukambidwa pano ndi Vezel zoyambirira, zopangidwa kuyambira 2013 mpaka mtundu watsopano utatuluka mu 2021, ndi C-HR zoyambirira.

Katundu alowa bwanji?

Funso loyamba la wamalonda ndi la malo. Buti ya Vezel ndi ya malita pafupifupi 400, pomwe ya C-HR ya ku Japan ndi ya malita 318. Kusiyanaku kumaoneka tsiku loyamba kupakira makatoni a sopo kapena belo la kaunjika.

Vezel ilinso ndi chinthu china chomwe idatengera kwa Fit. Thanki yake ya mafuta ili pansi pa mipando yakutsogolo, kotero kumbuyo kudatsala malo. Mipando yakumbuyo ikapindidwa imagona pansi n'kupanga bwalo lathyathyathya. Pokhalira pake pamathanso kudzutsidwa n'kuima chilili, ndipo pamatsala mpata wotalika kuchoka pansi mpaka kudenga. Zidebe zosanjikiza, mbande za maluwa, zoulutsira mawu za ochita zaukwati kapena kafiriji kakang'ono zimalowa zili choimirira, kudzera pachitseko cha m'mbali.

C-HR idapangidwa kuti ikope maso. Denga lake limatsetsereka chakumbuyo, mawindo akumbuyo ndi aang'ono, ndipo katundu wautali amagunda galasi chitseko cha buti chisanatsekeke. Mawindo aang'onowo amavutitsanso pobwerera m'mbuyo pamalo othinana ngati pamsika wa Limbe kapena wa Tsoka ku Lilongwe, pomwe ngolo, njinga ndi ana zimadutsa mosayembekezereka.

Komabe palibe pa ziwirizi yomwe ndi pikiapu. Matumba asanu ndi limodzi a chimanga a makilogalamu 50 ndi makilogalamu 300, kulemera kwa anthu akuluakulu anayi kapena asanu. Wochita izi tsiku ndi tsiku amatha mashoko, mabuleki ndi matayala msanga. Yemwe malonda ake ndi chimanga, simenti kapena makala, galimoto yake si iyi kapena iyo. Ayang'ane pikiapu kapena kalole kakang'ono.

Msewu wa tsiku ndi tsiku

Chachiwiri ndi mpata wa pakati pa mimba ya galimoto ndi nthaka. Pa Vezel yokoka ndi matayala akutsogolo mpatawu ndi masentimita 18.5. Pa C-HR ya hybrid ndi masentimita 14 basi, ndipo pa C-HR ya turbo yokoka ndi matayala onse anayi ndi 15.5. Ngakhale imaoneka yotukuka, C-HR ya hybrid sisiyana kwenikweni ndi galimoto wamba zotsika. Ikasenza katundu imatsikanso, n'kuyamba kukhula pa mahampu ndi pa miyala ya misewu yafumbi.

Matayala nawo ndi nkhani ya ndalama. Vezel zambiri zimabwera ndi marimu a mainchesi 16 kapena 17, pomwe C-HR imabwera ndi a 17 kapena 18. Tayala la pa rimu ya 18 limakhala lopyapyala m'mbali, limadula, ndipo likagunda dzenje limatupa kapena kung'ambika. Wogula afunse mtengo wa matayala anayi a saizi yolembedwa pa galimotoyo asanapereke ndalama. Asuzumirenso pansi pa buti, chifukwa galimoto zambiri za ku Japan zimabwera zopanda tayala lapadera, zili ndi kabotolo ka mankhwala omatira ndi kapampu basi. Pamsewu wa ku Jenda usiku, tayala long'ambika silimva kabotolo.

Zilembo zomwe zimaulula za mkati

Dzina lolembedwa kumbuyo kwa galimoto silinena zonse. Zoona zake zili pa zilembo zoyambirira za nambala ya chasisi, ndipo wamalonda azilembe papepala popita kukaona galimoto.

RU1 ndi Vezel ya petulo yokha yokoka ndi matayala akutsogolo, ndipo RU2 ndi ya petulo yokoka ndi onse anayi. RU3 ndi RU4 ndi za hybrid, kutanthauza zoyendera petulo mothandizana ndi magetsi a m'batire lalikulu. Zonse zili ndi injini ya malita 1.5, koma giyabokosi ndi yosiyana. Za petulo zili ndi ya mtundu wa CVT, yomwe imafuna mafuta akeake otchedwa HCF-2. Kuthiramo mafuta wamba a giyabokosi n'kuipha.

Za hybrid zili ndi giyabokosi ya magiya asanu ndi awiri yokhala ndi makilatchi awiri ouma. Mu 2014 kampani ya Honda idaitanitsa Vezel za hybrid zoyambirira kuti ikakonze dongosolo la kompyuta yake. Giyabokosi yotereyi imatha kutentha ikamakwawa pamzere wautali wa galimoto chokwera phiri, makamaka itasenza. Ikavuta imafuna makaniko wokhala ndi makina oyezera a kompyuta komanso woidziwa bwino. Wofuna RU3 kapena RU4 ayambe wapeza makaniko wotero, ndipo apewe zopangidwa m'chaka choyamba ngati palibe umboni woti zidakonzedwa.

Ku mbali ya Toyota, ZYX10 ndi ZYX11 ndi C-HR za hybrid za injini ya malita 1.8, yofanana ndi ya Prius. Makina ake a magiya alibe kilatchi yosinthira magiya kapena lamba, ndipo Toyota yakhala ikupanga hybrid kuyambira 1997, kotero mbiri yake ya kulimba ndi yabwino. NGX50 ndi NGX10 ndi za injini ya malita 1.2 yokhala ndi turbo. Izi zimafuna oyilo wabwino wosinthidwa panthawi yake. Wozolowera kukankhira sevisi mwezi wamawa adzalira nayo.

Pali chinthu chimodzi chomwe amalonda ambiri sachidziwa. Batire lalikulu la hybrid limazizira ndi mpweya wochokera mkati mwa galimoto, wolowera pa kazenera kakang'ono pafupi ndi mpando wakumbuyo. Thumba likatseka kazeneraka, kapena fumbi la ufa ndi gaga likadzaza, batirelo limatentha ndipo limafooka msanga. Kulisintha ndi ndalama zambiri, ndipo kawirikawiri limachita kuitanitsidwa kunja.

Masamu a mafuta

Pa muyeso wa ku Japan wotchedwa JC08, C-HR ya hybrid imayenda makilomita 30.2 pa lita, Vezel ya hybrid mpaka 27, ndipo Vezel ya petulo kupitirira pang'ono 20. Manambalawa adapezeka poyesera mkati mwa nyumba, popanda maenje, katundu kapena fumbi. Pamsewu weniweni amatsika ndithu, koma mndandanda wake umakhala womwewo: C-HR ya hybrid ndiyo yosamala mafuta kwambiri, makamaka m'tauni momwe galimoto imaima n'kunyamuka pafupipafupi.

Kuti aone ngati kusamala mafutako kungabweze ndalama, wamalonda achite masamu ake. Mwachitsanzo, galimoto ina iziyenda makilomita 14 pa lita, inayo 20. Mayi woperekera makeke ndi zovala kwa makasitomala, yemwe amayenda makilomita 80 patsiku kwa masiku 26, amakwanitsa makilomita 2,080 pamwezi. Galimoto yoyambayo imwa malita 149, yachiwiriyo 104. Kusiyana kwake ndi malita 45 pamwezi. Koma bambo wa golosale yemwe amangoyenda makilomita 20 patsiku amakwanitsa 520 pamwezi: malita 37 ndi 26, kusiyana malita 11 okha.

Malita opulumutsidwawo achulukitsidwe ndi mtengo wa petulo wa lero. Kenako ndalama zomwe galimoto yodulayo yaposera inzake zigawidwe ndi yankholo. Chotsatira chake ndi miyezi yomwe ipite ndalamazo zisanabwerere. Kwa mayi uja miyeziyo ndi yochepa kanayi poyerekeza ndi bambo wa golosale. Kwa bamboyo, ndalama zowonjezerazo zingapindule kwambiri zitakhala katundu pashelefu. Ubwino wina wa galimoto yosamwa mafuta umaoneka mafuta akasowa, chifukwa mwini wake sabwerera msanga pamzere.

Mtengo wapaintaneti si mtengo wapakhomo

Woitanitsa yekha ku Japan akumbukire kuti mtengo wolembedwa pansi pa chithunzi nthawi zambiri suphatikiza sitima. Pamwamba pake pamabwera ndalama za sitima kukafika ku Dar es Salaam, zolipira kudoko, dalaivala ndi mafuta mpaka pachipata cha Songwe, ejenti, msonkho, kulembetsa ku Road Traffic, COF ndi inshulansi. Bungwe la MRA limawerengera msonkho potengera, mwa zina, kukula kwa injini ya galimoto ndi zaka zake. Injini ya Vezel ndi 1,496 cc, ya C-HR ya hybrid ndi 1,797 cc, ndipo ya turbo ndi 1,196 cc. Manambalawa, pamodzi ndi chaka cha galimoto, aperekedwe kwa MRA kapena ejenti wovomerezeka kuti awerengere msonkho ndalama zisanatumizidwe. Popeza Vezel idayamba kale, yakale kwambiri imaoneka yotsika mtengo, koma msinkhu wakewo utha kukweza msonkho. Galimoto ikakhala pachipata kudikira ndalama, zolipira zosungira zimakwera tsiku lililonse.

Tsiku lokaona galimoto

Safunsa adadya phula. Wogula yomwe ili kale m'dziko muno apite ndi makaniko wake, osati wa wogulitsa. Makanikoyo alumikize makina oyezera kuti aone zolakwika zobisika ndi thanzi la batire. Nambala ya chasisi ya pa galimoto ifanane ndi ya pa bulubuku, ndipo dzina la pa bulubuku lifanane ndi la pa chiphaso cha wogulitsa. Ngati pepala la okushoni ya ku Japan lilipo, mtunda wolembedwapo uyerekezedwe ndi womwe galimoto ikuonetsa, pakuti ena amabweza manambala.

Galimotoyo iyesedwe injini ili yozizira, ikwere phiri, iime pakati pa phirilo n'kunyamukanso. Kunjenjemera, kuchedwa kugwira giya kapena nyali yochenjeza ndi chizindikiro choti wogula abwerere. Ndi nzerunso kutenga katoni kapena belo lenileni la malonda ake n'kuliyesa m'buti. Pomaliza, adutse m'mashopu a masipeya awiri kapena atatu n'kufunsa mitengo ya mashoko, mabuleki, nyali yakutsogolo ndi galasi lalikulu. Sipeya yomwe ikuchita kuitanitsidwa imatanthauza masabata galimoto itaima, hayala ikulipidwanso.

Tsono iti?

Kwa wamalonda wonyamula katundu wodzaza malo, monga kaunjika, ziwiya zapulasitiki ndi makatoni, yemwenso amafika m'misika ya kumidzi, Vezel ya petulo ya RU1 ndiyo yoyenera. Ili ndi malo, ndi yotukuka, ndipo makina ake savuta kwenikweni kwa amakaniko. Kwa wogulitsa katundu wopepuka koma wa mtengo, monga mafoni, zodzoladzola ndi nsapato, yemwe amazungulira m'tauni pa msewu wa phula tsiku lonse, C-HR ya hybrid imabweza ndalama zake pa mafuta. Vezel ya hybrid ili pakati: malo ilinawo, mafuta imasamala, koma imafuna makaniko woidziwa pafupi.

Iliyonse yomwe yasankhidwa, mpamba usakhudzidwe. Galimoto igulidwe ndi phindu losungidwa, ndipo padera patsale ndalama za matayala anayi, sevisi yoyamba, inshulansi ndi mafuta a miyezi itatu. Ngati kugula kukutanthauza kusiya shelefu yopanda katundu, kapena kutenga ngongole ya katapila, ndiye kuti nthawi sinakwane, ndipo hayala ikadali yotchipa. Wamalonda wotero apitirize kulemba m'kope ndalama zomwe amawononga pa mayendedwe mwezi ndi mwezi. Tsiku lomwe nambalayo idzapose mtengo wa mafuta, sevisi ndi inshulansi za galimoto yake, kopelo lidzamuuza lokha kuti apite akagule.