Sikirini Ikada Bii: Kufufuza Vuto Posewera Magemu a Pakompyuta mu Headset ya VR

Pa tchuthi chapitachi tinasonkhana anayi, tonse ophunzira, m'nyumba ina ku Chileka, chapafupi ndi msewu wopita kubwalo la ndege. Patebulo panali laputopu, karauta, ndi chipangizo chovala kumaso chija amati VR headset, cha mtundu wa Meta Quest 2. Sichinali chathu. Achimwene ake a mnzathu wina anabwera nacho kuchokera ku Joni, ndipo anatibwereka kwa masabata awiri ndi chenjezo limodzi: chibwerere chili chamoyo.

Tinkafuna kusewera gemu ya mpira yomwe tinazolowera palaputopu, koma tikuionera pasikirini yaikulu ngati ya m'nyumba yoonetsera kanema. Woyamba kuvala anakhala chete kwa kanthawi, kenaka anati, "Amwene, muno muli mdima wokhawokha." Palaputopu masapota anali akukuwa, mpira uli mkati. Madzulo onsewo tinangokhalira kudina apa ndi apo, mpaka tinaiwala zimene tinasintha. Phunziro lino ndi la zimene tinadziwa pambuyo pake, ndipo njira yake ingakuthandizeni pa makina ena alionse.

Chimene chimachitika m'kati

Pali magemu amene anapangidwira VR, oti ukatembenuza mutu umaona kumbuyo kwako. Koma magemu ambiri anapangidwira sikirini wamba. Gemu yotere ikalowa mu headset sisintha ayi. Imangopachikidwa pachinsalu chongoyerekeza patsogolo panu, inu n'kukhala ngati muli pampando wa m'holo. Mapulogalamu odziwika pa ntchitoyi ndi SteamVR ya kampani ya Valve, Steam Link yomwe inafika pa Quest kumapeto kwa 2023, Link ndi Air Link za kampani ya Meta, komanso Virtual Desktop yomwe ndi yogula.

Chithunzi chisanafike m'maso mwanu chimadutsa malo anayi. Choyamba, kompyuta imajambula gemuyo. Chachiwiri, pulogalamu yolumikiza imatenga chithunzicho n'kuchipanikiza kuti chikhale vidiyo. Chachitatu, vidiyoyo imayenda pawaya kapena pa Wi-Fi. Chachinayi, headset imaimasula n'kuionetsa. Zili ngati mzere wa anthu opatsirana njerwa pomanga: m'modzi akagona, mmisiri pamwamba amangoona kuti njerwa zasiya kubwera. Ntchito ya wofufuza vuto ndi kupeza amene wagonayo.

Malamulo ake ndi atatu. Yambani mwayesa gemuyo palaputopu pokha, headset ili pambali, chifukwa ikavuta pamenepo ndiye kuti headset ilibe mlandu. Sinthani chinthu chimodzi pa nthawi imodzi, muyese, kenaka mupite pa china. Ndipo lembani m'kope chilichonse chimene mwasintha, kuti muthe kubwerera. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Vuto loyamba: mdima, mawu ndi kontirola

Tsiku lachiwiri tinayamba ndi kope. Gemu palaputopu inkayenda bwino. Mu headset tinkaona mafayilo ndi mawindo onse a Windows, koma gemu ikangoyamba, mdima. Apa tinadziwa kuti waya ndi headset zili bwino, vuto lili pakati pa gemu ndi pulogalamu yolumikiza.

Magemu ena akakhala pa Fullscreen amalanda sikirini yonse, moti pulogalamu ina imalephera kutenga chithunzi. Mankhwala ake ndi kulowa mu Settings ya gemuyo n'kusankha Borderless kapena Windowed. Magemu ambiri amasinthanso mukadina Alt ndi Enter pamodzi. Ife titasankha Borderless, bwalo la mpira linaonekera nthawi yomweyo.

Zikakanika, onani kachipangizo kojambula zithunzi, kamene amati GPU. Malaputopu ambiri a magemu amakhala ndi tiwiri: kofooka kosunga batire, ndi kamphamvu ka NVIDIA kapena AMD. Gemu ikamayenda pa kena, pulogalamu yolumikiza ili pa kena, chithunzi chikhoza kusowa. Mu Windows, pitani pa Graphics settings ndipo zonse ziwiri muziike pa High performance. Laputopu imene ilibe GPU yamphamvu imalephera SteamVR ndi Link, popeza pamenepo kompyuta imajambula gemu komanso holo yongoyerekezayo. Virtual Desktop ikamangoonetsa sikirini ya kompyuta, holoyo imajambulidwa ndi headset, choncho katundu wa laputopu amapepukako.

Mawu akamatulukira palaputopu, dinani kachizindikiro ka sipika pansi pa sikirini ndipo musankhe headset. Magemu ena amasankha kotulutsira mawu pa nthawi imene akuyamba basi, choncho mukasintha, itsekeni gemuyo n'kuyambiranso. Kontirola ikamakana, kawirikawiri ndi chifukwa chakuti windo ina yabwera pamwamba pa gemu. Dinani ndi mausi m'kati mwa gemuyo. Dziwaninso kuti timakontirola tiwiri ta headset si gemu iliyonse imene imatizindikira. Padi ya Xbox kapena ya PlayStation yolumikizidwa kukompyuta ndiyo sivuta.

Vuto lachiwiri: chithunzi chododoma

Chithunzi chinabwera, koma mpira ukamenyedwa patali unkayenda modumphadumpha. Apa tinakhala pansi ndi masamu.

Headset imasintha chithunzi kangapo pa sekondi. Quest 2, yomwe inatuluka mu Okutobala 2020, imatha kutero ka 72, ka 90, ngakhale ka 120. Magemu ambiri a pakompyuta amatulutsa zithunzi 60 pa sekondi. Tiyeni tigawe. Headset ikakhala pa 90, ndiye kuti 90 kugawa ndi 60 ndi 1.5. Chithunzi sichingaonetsedwe kamodzi ndi theka, choncho china chimaonetsedwa kamodzi, chotsatira kawiri, ndipo diso limaona kudodoma. Headset ikakhala pa 120, chithunzi chilichonse chimaonetsedwa kawiri ndendende, ndipo mpira umayenda myaa.

Mfundo ndi yakuti nambala ya headset igawike bwino ndi nambala ya gemu. Pa 120 gemu ikhale pa 60. Pa 90 ikhale pa 90 kapena 45. Pa 72 ikhale pa 72 kapena 36. Kumbukirani kuti 120 imadya batire msanga ndiponso imatenthetsa headset. Ngati laputopu ikulephera kufika pa nambala imene mwasankha, chepetsani mithunzi ndi zokometsera zina za gemu, kapena muitsitse kuchoka pa 1080p kufika pa 720p.

Vuto lachitatu: waya kapena Wi-Fi

Chithunzi chikamasweka kukhala timabokosi, kapena mukamadina batani wosewera n'kumvera mochedwa, kayikirani msewu umene vidiyo ikudutsa.

Si waya aliyense wa USB-C amene amanyamula zinthu mofanana. Ena ndi otchajira basi. USB 2.0 imafika pa 480 Mbps, pamene USB 3.0 imafika pa 5 Gbps, kuposa kakhumi. Pamalaputopu ambiri bowo la USB 3.0 limakhala la buluu m'kati kapena limalembedwa SS pambali. Pulogalamu ya Link ili ndi poyesera waya, choncho yesani musanaimbe mlandu china chilichonse.

Pa Wi-Fi pali misewu iwiri yodziwika. Wa 2.4 GHz umaboola zipupa koma ndi wochedwa ndipo pamadzaza zipangizo. Wa 5 GHz ndi wachangu koma supita patali. Headset ikhale pa 5 GHz, m'chipinda chimodzi ndi rauta, ndipo laputopu ilumikizidwe kurauta ndi waya wa Ethernet. Timarauta tina ta m'thumba tili ndi 2.4 GHz yokha, ndipo sitingakwanitse ntchitoyi. Kathu kanali kotero, choncho tinabwerera ku waya.

Funso limene aliyense anafunsa linali la bandulo. Vidiyo yoyenda pa 100 Mbps imakwana pafupifupi 45 GB pa ola limodzi, ndipo palibe wophunzira angapirire zimenezo. Mwamwayi vidiyoyo imangoyenda kuchoka palaputopu kupita kurauta ndi ku headset, osatuluka m'nyumba, choncho sidya bandulo. Zimene zimadya ndi ma update a Windows, a Steam ndi a gemu, omwe amayamba okha mwakachetechete ndipo amachedwetsanso chithunzi. Mu Windows ikani netiweki yanu pa Metered connection, ndipo mu Steam muimitse zonse zimene zikudawunilodedwa.

Zimene tinaphunzira ku Lirangwe

Sabata yachiwiri tinakwera minibasi pamsewu wa M1, kudutsa Lunzu mpaka Lirangwe, kwawo kwa mnzathu wina. Zimene zinkayenda bwino ku Chileka zinayambanso kuvuta, chonsecho sitinasinthe kanthu. Kope lathu linatiuza kuti chasintha ndi malo.

Choyamba chinali kutentha. Dera limeneli ndi lotsika poyerekeza ndi mzinda wa Blantyre, ndipo masana kumatentha. Gemu inkayamba bwino, koma pakapita mphindi khumi ndi zisanu inkayamba kudodoma, fani ya laputopu ikulira. Kompyuta ikatentha kwambiri imadzichepetsa liwiro yokha kuti isapse. Vuto lobwera pang'onopang'ono chotere kawirikawiri ndi la kutentha. Tinaichotsa laputopu pamphasa n'kuiika patebulo, tinaitukula kumbuyo ndi mabuku awiri kuti mpweya uzidutsa pansi, ndipo tinachotsa fumbi m'timabowo take ndi burashi youma.

Chachiwiri chinali magetsi. Akathima, laputopu imapitiriza ndi batire, koma GPU yake imafooka kuti isunge moto. Chimodzimodzi ngati pulagi ikugwedera. Tchaja chochokera ku South Africa chili ndi mano ozungulira, pamene masoketi athu ndi a mano atatu aphwanthiphwanthi, ndipo adaputala yathu inali yolobodoka. Mphamvu ya magetsi m'maiko awiriwa ndi yofanana, 230 V, koma adaputala yosagwira bwino imasiya kutchaja inu osadziwa. Magetsi akathima, zulani zonse pasoketi, ndipo akabwera dikirani pang'ono musanalumikizenso.

Chachitatu chinali mdima. Quest 2 ili ndi makamera anayi amene amayang'ana chipinda kuti idziwe kumene mutu wanu waloza. Pansi pa kababu kamodzi ka sola sinkaona bwino, ndipo chinsalu chinkayandama. Onjezani kuwala, phimbani kalilole ngati alipo, ndipo pukutani makamerawo. Onaninso Tracking frequency mu Settings ya headset: magetsi a kuno ndi a 50 Hz, pamene a ku America ndi a 60 Hz.

Chachinayi ndicho chinatsala pang'ono kutilowetsa m'ngongole. M'mawa wina tinapeza mlongo wake wamng'ono wa mnzathu atatulutsa headset pakhonde kuti aionetse anzake. Magalasi a m'kati mwake amasonkhanitsa kuwala kwa dzuwa pamalo amodzi, monga galasi lokulitsa zinthu limayatsira pepala. Dzuwa likalowamo, ngakhale kwa kanthawi kochepa, limawotcha sikirini n'kusiya banga losachoka. Tinaipeza magalasi ataloza pansi, ndipo inapulumuka. Madzi akatayika saoleka, choncho headset izikhala m'bokosi lake, kutali ndi windo.

Vuto likakhala m'thupi

Nthawi zina makina amakhala ali bwino, wovutika ndi munthu. Chithunzi chikamaoneka mbuu kapena mutu ukamapweteka, onani mpata wa pakati pa magalasi. Pa Quest 2 amasunthika pa malo atatu: 58, 63 ndi 68 mm, malinga ndi kutalikirana kwa maso a munthu. Aliyense wovala asinthe zomuyenera. Popukuta magalasi gwiritsani kansalu kofewa kouma kopukutira mandala, osati spirit, madzi kapena mpendero wa chitenje.

Nseru ndi chizungulire zimabwera pamene maso akunena kuti mukuyenda koma m'kati mwa khutu, momwe muli ziwalo zothandiza kuima chilili, mukunena kuti mwakhala phee. Chepetsani kukula kwa chinsalu, chikankhireni patali, ndipo musachimangirire kumutu kuti chiziyenda nanu. Mukayamba kumva thukuta lozizira, vulani pomwepo. Kupirira kumangowonjezera. Batire ya Quest 2 imatha pakati pa maola awiri ndi atatu, koma maso amafuna kupuma nthawi imeneyo isanakwane, ndipo mabuku a semesita ikubwerayi amafuna maso omwewo.

Popeza headset imagunda kumaso, pukutani kansiponji kake musanapatse wina. Tonse tikukumbukira matenda a maso ofiira amene anafala m'dziko muno mu 2024. Amene maso ake afiira adikire kaye.

Masabata awiri atatha tinabweza headset ija kwa eni ake ili bwinobwino, ndipo kope lathu linali ndi masamba asanu ndi limodzi. Patapita masiku ochepa, pulojekita ya m'kalasi inakana kuonetsa, ndipo m'modzi wa ife anayamba ndi funso lomwe lija: chithunzi chikudutsa malo angati, ndipo chaima pati?

Mafunso okambirana

1. Tchulani malo anayi amene chithunzi chimadutsa kuchoka pakompyuta kufika m'maso. Pa malo alionse, perekani chizindikiro chimodzi chosonyeza kuti vuto lili pamenepo.

2. Gemu ikutulutsa zithunzi 60 pa sekondi ndipo headset ili pa 72. N'chifukwa chiyani chithunzi chidodoma? Perekani njira ziwiri zokonzera.

3. Gemu ikuyamba bwino koma ikuvuta pakapita mphindi makumi awiri. Mungakayikire chiyani poyamba, ndipo mungatsimikize bwanji?

4. Gwiritsani malamulo atatu aja pa chinthu china cha kwanu, monga sola imene yasiya kuyatsa mababu kapena sipika imene yasiya kumveka. Lembani zimene mungayese, chimodzichimodzi, mwa dongosolo lake.

5. Mwabwereka chipangizo chodula ndipo chawonongeka m'manja mwanu. Mungawauze liti eni ake, ndipo mungawauze chiyani?